Ulendo Wotsata Zitoliro Zakale, Kuchokera ku Berlin Kukafika ku Dresden

Lachiwiri, Berlin

Kwacha kozizira, ndipo mlongo wanga wandibwereka chijasi cha alamu anga chifukwa chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Zomba sichikuphula kanthu pa mphepo ya Novembala wa kuno. Ndakhala pakhomo pawo masabata awiri, ndamuona mwana wakhanda amene ndinadzera, ndipo tsopano ndatsala ndi masiku asanu ndi awiri oti ndichite chimene ndakhala ndikuchilakalaka kwa zaka zambiri. Ntchito yanga ndi yophunzitsa nyimbo ndi kutsogolera kwaya, ndipo chida chowuzira chimene ndimachidziwa bwino ndi recorder, kachitoliro kaja kamene ana ambiri amayambirapo. Zaka zapitazo ndinamva pa wailesi nyimbo ya Johann Sebastian Bach ikuimbidwa ndi zida zopangidwa motengera za nthawi yake, ndipo oboe (chitoliro chowuzira kudzera pa kabango) imene ndinaimva usiku umenewo inali ndi mawu ofewa ngati a munthu amene akukulankhula ali pafupi ndi khutu lako. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufuna kukaima m'matauni momwe zida zimenezi zinkalira pa nyengo imene amaitcha Baroque, kuyambira cha m'ma 1600 mpaka 1750.

Ndagula tikiti ya mwezi wonse ya mayuro 58 (mtengo wa mu 2025), imene imalola munthu kukwera basi, tramu ndi sitima zoima pa masiteshoni ambiri, koma osati sitima zothamanga zija. Choncho ulendo wanga ukhala wapang'onopang'ono.

Ndayambira pa nyumba yosungiramo zida zoimbira imene ili pambali pa Philharmonie, holo yaikulu ya nyimbo ya mu Berlin, ndipo ndatheramo maola anayi. Chimene chandiimitsa nthawi yaitali ndi zitoliro za Mfumu Friedrich II ya Prussia. Chitoliro cha mtundu umenewu amachitcha traverso chifukwa amachiwuzira chopingasa, ndipo chimakhala ndi mabowo asanu ndi limodzi a zala ndi chotsekera chachitsulo chimodzi chokha kumunsi. Mphunzitsi wa mfumuyo, Johann Joachim Quantz, amene anali mwana wa wosula zitsulo, anawonjezerapo chotsekera chachiwiri mu 1726 pofuna kusiyanitsa maliwu awiri oyandikana kwambiri, D-sharp ndi E-flat, amene pa kiyibodi ya lero ndi batani limodzi. Izi zandipatsa maganizo, chifukwa zikusonyeza kuti makutu a anthu amenewa ankamva kusiyana kumene ife tinakuchotsa kuti zinthu zitiphwekere. Quantz analowa ntchito ya mfumuyo mu 1741 pa malipiro a ma thaler (ndalama za nthawiyo) 2,000 pachaka, pamene Carl Philipp Emanuel Bach, mwana wa Johann Sebastian, amene ankaimba limba la nsambo lotchedwa harpsichord m'gulu lomwelo, ankalandira 300 okha. Pamenepa ndi pomwe munthu angaonere mmene chitoliro chinkalemekezedwera pa bwalo limenelo.

Ndaonanso kuti zitoliro zambiri za nthawiyo zinkabwera ndi zigawo zapakati zingapo zotalika mosiyana. Tauni iliyonse inali ndi muyezo wake wa kukwera kwa maliwu, ndipo woimba akafika kwina ankazula chigawo chimodzi n'kulowetsa china kuti agwirizane ndi eni ake. Ma oboe ndi ma recorder ambiri m'makabatimo ndi achikasu ngati uchi, chifukwa anawasema kuchokera ku mtengo wa boxwood, ndipo ena ali ndi mphete za minyanga ya njovu m'malo olumikizira.

Madzulo mlongo wanga waphika nsima ndi ufa umene ndinamubweretsera, n'kundilongedzera buledi, tchizi ndi mazira owiritsa. Wandiuza kuti, "Achimwene, mukasochera musachite manyazi kufunsa, ndipo foni muziitchaja usiku uliwonse."

Lachitatu, Köthen

Sitima yochokera ku Berlin inachedwa m'njira, ndipo pamene timafika ku Dessau n'kuti ya ku Köthen itanyamuka kale. Ndinadikira pafupifupi ola lathunthu pa pulatifomu, manja ali gwaa ndi kuzizira, ndipo kulowa m'chimbudzi cha pa siteshoni kunandidyera yuro imodzi. Agogo ena aakazi amene anakhala pambali panga ataona mmene ndikunjenjemerera anatsegula chikwama chawo n'kundipatsa maapozi awiri a m'munda mwawo. Chingerezi sankachidziwa, inenso Chijeremani changa sichipitirira moni ndi zikomo, koma nditatchula dzina la Bach anaseka, n'kuloza mtima wawo. Titatsika ku Köthen anayenda nane mpaka pa msewu wolowera ku nyumba yachifumu, ngakhale kuti kwawo kunali mbali ina, ndipo ndinawayang'ana akubwerera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

Köthen ndi tauni yaing'ono, yabata, ndipo munthu sangaganize kuti nyimbo zimene dziko lonse limazidziwa zinasonkhanitsidwa pano. Bach anatsogolera oimba a Kalonga Leopold kuyambira 1717 mpaka 1723. Kalongayo anali wa chikhulupiriro cha Calvin, chimene sichinkafuna nyimbo zambiri za zida m'tchalitchi, motero ntchito ya Bach kuno inali makamaka yolemba nyimbo za zida zoimbidwa m'nyumba yachifumu. Mwayi wake unali wakuti mu 1713 Mfumu Friedrich Wilhelm I, imene inkakonda asilikali kuposa nyimbo, inathetsa gulu la oimba la ku Berlin, ndipo ena mwa akatswiri amene anasowa pogwira anadzalembedwa ntchito kuno. Gulu lonse silinkakwana anthu makumi awiri.

Pa 24 Malichi 1721 Bach anasaina kalata yopereka ma concerto (nyimbo momwe zida zotsogolera zimayankhana ndi gulu lonse) asanu ndi limodzi kwa Christian Ludwig wa ku Brandenburg, ndipo ndi chifukwa chake lero timawatchula ndi dzina la dera limenelo. Ndakhala pa benchi m'chipinda china cha nyumbayo n'kumawerengera pamtima zida zowuzira zimene zili m'menemo. Concerto yoyamba ili ndi ma oboe atatu, bassoon (chitoliro chachitali cha bango cha mawu apansi) ndi malipenga awiri a alenje. Yachinayi ili ndi ma recorder awiri oyankhana ndi vayolini. Yachisanu ili ndi traverso. Koma imene yandivutitsa kwa zaka ndi yachiwiri, momwe lipenga, recorder, oboe ndi vayolini zimapatsana mutu umodzi wa nyimbo ngati anthu olingana. Nthawi zonse ndinkadzifunsa kuti kodi munthu wanzeru angaike bwanji recorder pambali pa lipenga, pakuti ndikudziwa bwino kuti recorder ukaiwuzira mwamphamvu mawu ake amakwera n'kusokonekera. Yankho ndaliona ndi maso lero. Zipinda zake n'zazing'ono kuposa holo ya sukulu yathu, oimba ankaima moyandikana, pa mzere uliwonse wa nyimbo pankakhala munthu mmodzi kapena awiri, ndipo lipenga la nthawiyo, lopanda mabatani, linkatha kulira motsitsa pa maliwu apamwamba. Recorder sinkafunika kulimbana ndi aliyense kuti imveke.

Kuno n'kumenenso Bach anaferedwa mkazi wake woyamba, Maria Barbara, mu Julayi 1720, iye ali pa ulendo ndi kalonga ku Karlsbad, ndipo anabwera n'kupeza maliro ataikidwa kale. Nditatuluka ndinakhala m'paki pafupi ndi ngalande yamadzi, n'kutulutsa recorder yanga, n'kuimba motsitsa mizere ingapo ya concerto yachinayi mpaka zala zitakana chifukwa cha chisanu.

Mdima wagwa nthawi isanakwane 5 koloko. Ndivomere kuti popita kunyumba ya alendo ndinachita mantha, chifukwa misewu inali zii, ndipo tsiku lonse sindinakumane ndi munthu wina wakhungu ngati langa. Palibe chimene chandichitikira. Chipinda ndalipira mayuro 45, ndipo mayi a nyumbayo andiphikira supu ya mbatatesi yotentha bwino.

Lachinayi, Halle

Kuchokera ku Köthen kufika kuno ndi pafupifupi theka la ola basi. Mu 1719 Bach anayenda njira yomweyi kudzafuna George Frideric Handel, amene anabwera kudzaona kwawo, koma anapeza atanyamuka, ndipo anthu awiriwa, obadwa chaka chimodzi cha 1685, sanaonanepo moyo wawo wonse.

Ndalowa m'nyumba imene Handel anabadwiramo, momwenso muli zida zakale zambiri. Handel ankaikonda oboe, ndipo chiwerengero chimene chandikhala m'mutu tsiku lonse ndi cha nyimbo imene analembera mwambo wophulitsa makombola ku Green Park, mu London, mu 1749. Anaikamo ma oboe 24, ma bassoon 12, malipenga 9 ndi malipenga a alenje 9, kuphatikizapo ng'oma. Dzulo ndimaganiza za oboe ngati chida chonong'ona m'chipinda, lero ndakumbutsidwa kuti makolo ake anali zitoliro zaphokoso za panja, za asilikali ndi za pa nsanja za mizinda. Amene anaiweta kuti ilowe m'nyumba ndi amisiri a pa bwalo la Mfumu Louis XIV ya France, makamaka mabanja a Hotteterre ndi Philidor, chapakati pa zaka za m'ma 1600. Anaidula zigawo zitatu, anachepetsa mphako yake, n'kulola kuti bango ligwidwe ndi milomo yeniyeni, kuti woimba azitha kukweza ndi kutsitsa mawu.

Nkhomaliro ndadyera pamsika, soseji yootcha m'kabanzi ya mayuro atatu ndi theka. Mnyamata wogulitsayo wandiletsa kutaya botolo lamadzi, n'kundifotokozera kuti ndikalibweza ku sitolo andipatsa masenti 25. Mapazi akupweteka, ndipo ndikwera sitima yamadzulo kupita ku Leipzig.

Lachisanu, Leipzig

Ndagona m'chipinda cha mabedi asanu ndi atatu pa mayuro 27, ndipo tulo sindinatione bwino chifukwa anzanga ogona nawo amalowa ndi kutuluka mpaka mbandakucha. Ndadzuka mutu ukulemera, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza zongobwerera ku Berlin. Khofi wa pa siteshoni yaikulu ndiye wandibwezera mtima m'malo.

M'mawa ndinapita ku Grassi, komwe yunivesite ya Leipzig imasungira zida zake zoimbira. Nyumbayi ili pa Johannisplatz, pamene kale panali tchalitchi ndi manda momwe Bach anaikidwa poyamba mu 1750. Tchalitchicho chinawonongeka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo lero pali udzu ndi njanji za tramu. Masana ndinawolokera ku nyumba yokumbukira Bach, moyang'anizana ndi Thomaskirche, tchalitchi chimene Bach ankatsogoleramo nyimbo. M'menemo muli chipinda momwe nyimbo imamveka ikuimbidwa ndi gulu lonse, ndipo ukadina batani la chida chimodzi, chidacho chimamveka pamwamba pa zinzake. Ndinadina mabatani a zowuzira mobwerezabwereza mpaka ana a sukulu atafika, ndipo ndinawapatsa malo.

Zida ziwiri zimene ndinadzera kuno ndi oboe d'amore ndi oboe da caccia, zonse zogwirizana kwambiri ndi mzinda uno. Oboe d'amore ndi yotalikirapo kuposa oboe wamba, imalira motsikirapo, ndipo kumapeto kwake n'kofufuma ngati chipanda, n'kukhala ndi kabowo kakang'ono, zimene zimaphimba mawu ake n'kuwatsekemeretsa. Oboe da caccia ndiye yodabwitsa. Ndi yokhota ngati nyanga ya ng'ombe, yokutidwa ndi chikopa, ndipo kumunsi kwake kuli kamwa lamkuwa lotambasuka ngati la lipenga. Poipanga mmisiri amayamba ndi mtengo wowongoka woboola, amachekacheka mbali imodzi mosadula, amaupinda, amamata, kenako n'kuukuta ndi chikopa kuti mpweya usathawe. Bach atamwalira chidachi chinaiwalika kotheratu, moti kwa zaka pafupifupi mazana awiri oimba ankaona dzina lake pa mapepala osadziwa bwino maonekedwe ake. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri anazindikira kuti zida ziwiri zosungidwa ku Stockholm ndi ku Copenhagen, zopangidwa mu 1724 ndi mmisiri wa ku Leipzig, Johann Heinrich Eichentopf, ndizo oboe da caccia zenizeni, ndipo amisiri anayamba kuzikopera. Bach anafika kuno mu 1723, kutanthauza kuti wolemba nyimbo, wosema zida ndi woimba wake wa oboe, Caspar Gleditsch, ankayenda m'misewu imodzi pa nthawi imodzi. Ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake nyimbo za oboe za Bach zimakhala bwino chotere pa zala: ankalembera munthu amene akumudziwa, wogwira chida chimene wachiona chikusemedwa.

Chimene chandikhudza kwambiri lero ndi kalata imene Bach analembera khonsolo ya mzinda pa 23 Ogasiti 1730. Anawerengera kuti nyimbo za m'tchalitchi zimafuna oimba zida osachepera 18, mwa iwo awiri kapena atatu a oboe ndi mmodzi kapena awiri a bassoon, ndipo pakafunika zitoliro chiwerengero chimafika 20. Amene mzinda unkawalipira anali asanu ndi atatu okha, mmodzi mwa iwo wophunzira ntchito, ndipo mipata yotsala ankaitseka ndi ana a sukulu ndi ophunzira a ku yunivesite. Aliyense amene anayesapo kukonza kwaya ya Khirisimasi ndi anthu operewera akudziwa mtima umene kalata imeneyi inalembedwa nawo. Komabe patangopita zaka zinayi munthu yemweyo analemba nyimbo ya abusa yotsegulira gawo lachiwiri la Oratorio ya Khirisimasi, momwe ma oboe d'amore awiri ndi ma oboe da caccia awiri amayankhana ndi zitoliro ndi mavayolini, ngati abusa akuyankha angelo.

Loweruka, Leipzig

Ndinafika pa khomo la Thomaskirche 2 koloko itangodutsa, ndipo mzere unali utazungulira kale. Mapemphero a nyimbo amayamba 3 koloko, ndipo polowa munthu amagula pepala la ndondomeko pa mayuro ochepa. Bambo wina wachikulire wa ku Hamburg amene ndinaima naye anandiuza kuti ndikhale mbali imene ndingamaone khonde la pamwamba, pakuti oimba amakhala kumeneko, kumbuyo kwa anthu. Manda a Bach ali kutsogolo, pansi pa chimwala chachitsulo chokhala ndi dzina lake lokha, ndipo panali maluwa ochepa.

Anyamata a kwaya anaimba cantata, nyimbo yamapemphero ya kwaya ndi zida, limodzi ndi oimba zida a gulu la mzindawu lotchedwa Gewandhaus, amene amagwiritsa ntchito zida za masiku ano. Kunali kukoma kosaneneka, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga pamene mpingo wonse unalowa m'nyimbo ya onse. Oboe yamakono inkadutsa pamwamba pa gulu lonse ngati ulusi wonyezimira, liwu lililonse lofanana ndi linzake, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndinaisirira, koma ndinazindikiranso kuti chimene ndikufunafuna pa ulendo uno n'china.

Anthu atatuluka ndinatsalira pang'ono n'kumaganiza za aria ina, gawo loimbidwa ndi munthu mmodzi, ya mu St Matthew Passion, nyimbo ya Bach yofotokoza masautso a Yesu, imene inamveka koyamba m'nyumba yomweyi. Pamene khamu likufuula kuti Yesu apachikidwe, Bach amaletsa zida zonse za mawu apansi, n'kusiya liwu limodzi lapamwamba, traverso imodzi ndi ma oboe da caccia awiri akugunda motsitsa ngati mtima. Nyimbo imakhala ngati yachotsedwa pansi pomwe inaponda. Zimenezi zimatheka chifukwa traverso yamtengo imamveka ngati yotha kusweka, ndipo oboe da caccia ili ndi mdima m'mawu ake.

Usiku ndadya mpunga ndi nkhuku pa kamalo ka anthu a ku Vietnam pa mayuro asanu ndi anayi. Aka n'koyamba kukhuta chichokereni kwa mlongo wanga.

Lamulungu, Dresden

Sitima yodzera ku Riesa yatenga kupitirira ola ndi theka, ndipo chakumapeto kwa njira ndinaona minda ya mpesa m'mapiri a m'mbali mwa mtsinje wa Elbe, masamba atayoyoka. Ndinaiwala kuti kuno masitolo amatseka Lamulungu, motero njala inandipota mpaka ndinabwerera ku siteshoni kukagula buledi ndi nthochi ziwiri.

Pa nthawi ya August Wamphamvu, amene anali wolamulira Saxony komanso mfumu ya Poland, gulu la oimba la Dresden linkatchuka ku Ulaya konse, makamaka chifukwa cha zida zake zowuzira. Gululi linayamba mu 1548 ndipo lilipo mpaka lero. Woimba traverso wa ku France, Pierre-Gabriel Buffardin, anafika kuno mu 1715, ndipo ndi iye amene anaphunzitsa Quantz, yemwe poyamba ankaimba oboe. Woimba vayolini Johann Georg Pisendel anapita ku Venice mu 1716, anaphunzira kwa Antonio Vivaldi, n'kubwerako ndi mulu wa nyimbo zake. Choncho mu mzinda uno luso la ku France la zowuzira linakumana ndi moto wa ku Italy, ndipo Johann David Heinichen, amene ankatsogolera gululi, ankalemba ma concerto momwe zida zambiri zimasinthana kutsogolera.

Pa khomo la tchalitchi china chaching'ono kutsidya kwa mtsinje ndinaona chikwangwani chakuti madzulo kuli kagulu koimba ndi zida zakale. Tikiti inali mayuro 22. Ndinaima n'kumawerenga ndalama zanga kawiri, ndipo mayi wogulitsa matikiti ataona zimenezi anandiuza kuti pali mpando kuseri kwa chipilala umene angandipatse pa mayuro khumi. Mpandowo unali pafupi kwambiri ndi oimba zowuzira, moti sindikanausinthanitsa ndi wina uliwonse.

Anali anthu khumi ndi asanu. Anatenga nthawi yaitali akuchuna, chifukwa nsambo za matumbo ndi mitengo zimamva kuzizira, ndipo liwu la A analiika pa kunjenjemera ka 415 pa sekondi m'malo mwa 440, ndiye kuti kutsika ndi theka la sitepe. Oimba oboe anali ndi timakapu tamadzi pansi pa mipando momwe ankaviika mabango awo. Anayamba ndi concerto ya Vivaldi ya mu G minor imene analembera oimba a Dresden, ya vayolini, ma recorder awiri, ma oboe awiri ndi bassoon. Apa ndi pamene ndinamva chimene ndinachokera kutali kudzamva. Ma oboe akaimba limodzi ndi mavayolini sankaonekera paokha, ankasungunuka n'kupatsa nsambo thupi, monga mmene mafuta amalowera m'ndiwo, ndipo mavayolini akangokhala chete ma oboe awiri ndi bassoon ankatsala akucheza atatu. Ndinkamva mpweya wa woimba, kugunda kwa zala pa mabowo, ndi maliwu ena owala, ena ophimbika, m'mzere umodzi womwewo.

Kenako anaimba imodzi mwa ma sonata (nyimbo za zida zochepa) asanu ndi limodzi a Jan Dismas Zelenka, munthu wa ku Bohemia amene ankaimba chivayolini chachikulu cha mawu apansi m'gulu la kuno mpaka anadzakhala wolemba nyimbo za tchalitchi, n'kumwalira mu 1745. Zelenka sachitira chifundo woimba bassoon. M'malo moisiya kuti izingoponda maliwu apansi, amaithamangitsa mofanana ndi ma oboe, pa mizere yaitali yosowa popumira. Mnyamata amene ankaiimba nkhope inafiira, ndipo atamaliza tchalitchi chonse chinakhala chete kaye tisanayambe kuwomba m'manja.

Pamapeto ndinalimba mtima n'kupita kukathokoza mayi amene ankaimba oboe yoyamba. Atamva kumene ndachokera ndi ntchito yanga, anandiuza kuti ndibwere mawa m'mawa pamene akhale akukonza mabango asanayambe kuyeserera.

Lolemba, Dresden

Ndinawapeza m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, nyale ili patebulo, atayala mipeni, ulusi, sera ndi timapaipi tamkuwa. Bango lake ndi mtundu wotchedwa Arundo donax, ndipo labwino kwambiri limalimidwa kum'mwera kwa France. Analing'amba, analipala mkati, analipinda pakati, n'kulimangirira pa kapaipi ndi ulusi wofiira, kenako n'kudula nsonga kuti pakhale timilomo tiwiri. Ntchito yeniyeni inayamba pamenepo. Ankapala ndi mpeni pang'ono kwambiri, moti chimene chinkagwa chinali fumbi chabe, n'kuliyang'ana pa nyale, n'kuliwuzira lokha kuti lilire ngati khwangwala, n'kupalanso. Anandiuza kuti mwa mabango amene amapanga ambiri amathera kudzala, kuti labwino limatha pa masabata ochepa, ndiponso kuti limene lalira bwino ku Dresden likhoza kukana kulira kumalo a chinyezi china.

Kenako anatulutsa ma oboe awiri n'kundiika m'manja. Yoyamba inali yakale ija, yopepuka, yachikasu, yokhala ndi zotsekera ziwiri zokha ndi mabowo ena apawiriawiri. Yachiwiri inali yamakono, yolemera, yakuda bii, yodzaza ndi zitsulo zasiliva. Nditaona mtengo wake pansi pa zitsulozo ndinauzindikira nthawi yomweyo. Unali phingo, womwe uja amisiri a kwathu amasemera ziboliboli zogulitsa m'mbali mwa msewu. Mayiwo anavomera kuti ma oboe ndi ma clarinet ambiri a lero amapangidwa ndi mtengo umenewu, wochokera makamaka ku Tanzania ndi ku Mozambique, chifukwa ndi wolimba mokwanira kunyamula zitsulo zonsezo osang'aluka. Ndinawauza kuti phingo amatenga zaka makumi ambiri kuti akule, ndipo kwathu mitengo yake ikuluikulu ikusowa. Anakhala chete akusisita chidacho ndi chala, kenako anandipempha kuti ndiwalembere dzina la Chichewalo pa chivundikiro cha bokosi lawo la mabango.

Ndinawafunsa chifukwa chimene amavutikira ndi chida chakale pamene chamakono chili pomwepo. Poyankha anaimba maliwu asanu ndi atatu okwera pa oboe yakale, pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti ndiziyang'ana zala zawo. Pa maliwu ena ankatsegula mabowo motsatana, ndipo mawu ankatuluka owala. Pa ena ankatsegula bowo limodzi n'kutseka lapansi pake, ndipo mawu ankatuluka ophimbika, ngati munthu akulankhula nsalu ili pakamwa. "Aphunzitsi," anatero, "Bach ndi Zelenka ankadziwa liwu lililonse pamene lili. Akafuna chisoni ankapititsa nyimbo kumene kuli maliwu ophimbikawa. Oboe yatsopano inawafananitsa onse, ndipo ndimaikonda pa nyimbo zake, koma pa nyimbo izi imandibisira zimene wolemba anaikamo." Ndinakumbukira kuti pa recorder yanga zala zimachitanso chimodzimodzi pa F ndi pa B-flat, ndipo kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana kuti awuzire mwanjira yoti maliwu amenewo asamveke osiyana ndi anzawo. Ndikabwerera ndikayamba ndi kuwamvetsera kaye kusiyanako.

Anandilola kuti ndiyese. Mpweya umene oboe imafuna ndi wochepa kwambiri koma wopanikizika, moti chifuwa chimadzaza mpweya wotsala, ndipo munthu amayenera kutulutsa kaye asanakokenso wina. Poyamba sipanatuluke kanthu, kachiwiri kanatuluka kaphokoso, ndipo kachitatu linatuluka liwu la G loyera, limene ndinalimva likunjenjemera m'mano ndi m'zala. Ndinaligwira mpaka maso atachita mdima.

Anzawo atayamba kufika ndi mabokosi awo, ndinatsanzika. Anandipatsa bango limodzi lakale, la ulusi wofiira, n'kuliika m'kabotolo ka mankhwala kuti lisaphwanyike. Ndikulemba izi ndili m'sitima yobwerera ku Berlin, ndipo ndiyenera kusintha pa Elsterwerda. Ndatsala ndi mayuro 14 ndi apozi limodzi la agogo a ku Dessau aja. Mlongo wanga watumiza uthenga kuti mwana wagona, ndipo ndikafika ndigogode pang'ono.